Ana anga anabadwira ku Harare: umboni woti ndi Amalawi ndiupeza kuti?

Funso lochokera kwa bambo wina wa ku Dzivarasekwa:

"Ine ndinabadwira ku Dedza, ndipo ndinabwera kuno ku Harare ndili mnyamata kutsatira amalume. Pasipoti yanga ya Malawi inatha mphamvu kalekale. Mayi a kunyumba anabadwira konkuno mu 1984. Makolo awo anali a ku Ntcheu, ankagwira ntchito papulazi ku Mazowe, ndipo chitupa cha mayiwa chinalembedwa ALIEN. Tinakwatirana mwachikhalidwe, setifiketi ya ukwati tilibe. Tili ndi ana awiri. Wamkazi anabadwa mu 2010 kuchipatala, setifiketi ya kubadwa ali nayo koma dzina langa palibe chifukwa anakatenga mayi ake okha. Wamwamuna anabadwa mu 2021 pakhomo, ali ndi khadi la kusikelo lokha. Ndikufuna mtsikanayu akapitirize sukulu kumudzi kwa agogo ake. Ena akuti ana obadwira kunja si Amalawi. Ena akuti ndingopita naye kwa mfumu ikalembe kuti anabadwira ku Dedza. Kodi anawa ndi nzika za dziko liti, nanga umboni wake ndiupeza kuti?"

Yankho:

Bambo, zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Malinga ndi zimene mwalongosolazi, ana anu onse awiri ndi Amalawi, komanso onse awiri ndi nzika za Zimbabwe. Unzikawo anabadwa nawo. Chimene chikusowa ndi mapepala ousonyeza, ndipo mapepala a mwana amachokera pa mapepala a kholo. Ofesi iliyonse imene mudzalowe, kuno kapena ku Malawi, idzafuna kudziwa zinthu ziwiri: kodi khololi ndi nzika yathu, nanga pali umboni wanji woti mwanayu ndi wa kholo limeneli? Ndiye ntchito yaikulu ili pa inu ndi mayi a kunyumba. Ya anawo idzakhala yopepuka inu awiri mukalongosoka.

Lamulo la unzika la Malawi, lotchedwa Malawi Citizenship Act la 1966, limati munthu wobadwira kunja amakhala nzika kuyambira tsiku lobadwa ngati bambo ake kapena mayi ake ndi nzika ya Malawi mwa kubadwa. Inu munabadwira ku Dedza kwa makolo a Chimalawi, ndiye kuti ndinu nzika mwa kubadwa, ndipo ana anu anatengera unzikawo kwa inu. Pasipoti ikatha mphamvu, chatha ndi kabukuko, unzika uli pomwepo. Ukanakutayikani mukanatenga unzika wa dziko lina mwa kufuna kwanu m'masiku a lamulo lakale, koma simunanene kuti munachita zimenezo. Tsono amene akuti mwana wobadwira kunja si Mmalawi sakunena zoona, pa ana anuwa. Ndionjezerepo kuti lamuloli silitsata mwambo wathu wa mbumba, woti ana ndi a kuchikazi ndipo mwini wawo ndi malume. Silitsatanso mwambo wa anzathu a kuno wa malowolo. Kholo limodzi lokha, lachimuna kapena lachikazi, ndi lokwanira.

Ambiri mwa amene amaopseza anzawo akukumbukira lamulo lakale, ndipo sitingawadzudzule. Kale Malawi sankalola munthu wamkulu kukhala ndi unzika wa maiko awiri. Mwana ankatha kukhala nawo pawiri, koma akakwanitsa zaka 21 ankayenera kusankha, ndipo akafika zaka 22 asanakane unzika wa dziko linalo, wa Malawi unkatha wokha. Nyumba ya Malamulo inasintha zimenezi mu December 2018, ndipo kusinthako kunakhala lamulo mu 2019. Lero Mmalawi mwa kubadwa, kapena wotengera unzika kwa kholo monga ana anu, amaloledwa kukhalanso nzika ya dziko lina. Pali ndondomeko yolembetsa unzika wapawiriwu ku nthambi ya Immigration, ndipo mukakafika ku ofesi ya kazembe mukafunse fomu yake. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anawa asakakamizidwe kutaya dziko limodzi pofuna linalo.

Tsopano nkhani ya mayi a kunyumba, imene ndikufuna muimvetse bwino chifukwa ndi imene yazunza mabanja athu ambiri ku Mbare, ku Mufakose, ku Epworth, ku Mabvuku ndi m'makomboni a m'mapulazi. Makolo athu anabwera kuno kudzagwira ntchito m'migodi, m'mapulazi a fodya, ku njanji ndi m'makhitchini a azungu. Ena anabwera wapansi, ena pa Ulere (mayendedwe aulere otengera anthu kudzagwira ntchito kuno), ena analembedwa ndi Mthandizi (bungwe lolemba anthu ntchito), ndipo ambiri anadza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963. Kumudzi anawatcha matchona. Kuno anabala ana, anawo anabalanso ana, koma pa zitupa zawo panakhalabe chizindikiro cha mlendo. Mu 2001 lamulo la unzika la Zimbabwe linasinthidwa, n'kulamula kuti aliyense amene ali ndi unzika wina aukane motsata malamulo a dziko linalo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Nthawiyo inatha mu January 2002. Anthu amene sanapondepo ku Malawi chibadwire anauzidwa kuti akakane unzika umene sanaugwirepo m'manja, ndipo ambiri a m'mapulazi sanamve n'komwe kuti kuli lamulo lotere, pakuti inali nthawi yomwe mapulazi ankalandidwa ndipo anthu ankasamuka ndi katundu pamutu. Mu 2003 boma linafewetsako lamuloli kwa ana a anthu ochokera m'maiko a SADC, bungwe la maiko a kumwera kwa Africa, amene anabwera kudzagwira ntchito zotere, koma si onse amene anakasainira. Kenaka mu 2005 kunabwera Murambatsvina, pamene boma linagumula nyumba za anthu ambiri m'matauni, mapepala ena n'kutayikira m'zigumukire za nyumba. Nchifukwa chake ndimamva chisoni munthu akamanena kuti mabanjawa anangochita ulesi osatenga mapepala.

Chimene chinasintha zonsezi ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013. Gawo 43, ndime 2, limati munthu aliyense wobadwira m'Zimbabwe lisanafike tsiku limene malamulowa anasindikizidwa, lomwe ndi 22 May 2013, ndi nzika mwa kubadwa ngati kholo lake limodzi kapena onse awiri anali nzika za dziko la SADC, ndipo iye ankakhala m'Zimbabwe mokhazikika pa tsikulo. Malawi ali mu SADC chiyambire. Mayi a kunyumba anabadwa mu 1984 kwa makolo a ku Ntcheu ndipo akhala kuno moyo wawo wonse. Iwowo ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa kuyambira 2013, ngakhale chitupa chili m'chikwama chawocho chikunena zina. Chitupacho n'chimene chatsalira m'mbuyo. Mu 2013 momwemo khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula pa mlandu wa Mutumwa Mawere kuti nzika mwa kubadwa siitaya unzika wa Zimbabwe chifukwa chokhala ndi wa dziko lina. Mu 2017 High Court ya ku Harare inagamulanso kuti anthu obadwira kuno a zitupa za ALIEN, amene makolo awo ndi a m'maiko a SADC, ali ndi ufulu wolembetsa mavoti. Lamulo laling'ono la unzika, Citizenship of Zimbabwe Act, silinakonzedwe nthawi yomweyo kuti ligwirizane ndi malamulo aakuluwa, ndipo n'chifukwa chake mayankho a pawindo nthawi zina amasiyanasiyana. Koma malamulo aakulu ndiwo ali pamwamba pa lamulo lina lililonse.

Choncho ulendo woyamba ndi wa mayiwa, ku ofesi ya Civil Registry, kaya ku Makombe kaya ku Market Square, kukapempha kuti chitupa chawo chisinthidwe kuchoka pa ALIEN kupita pa CIT, kutanthauza nzika. Anyamule chitupa chakalecho, setifiketi yawo ya kubadwa yaitali ija yoonetsa maina a makolo ndi kumene anachokera, umboni wa kumene mukukhala, ndi chilichonse chotsala cha makolo awo: chitupa, setifiketi ya imfa, ngakhale khadi la ntchito la papulazi. Akabwezedwa, asakangane. Afunse mwaulemu chimene chikusowa, alembe tsiku ndi yankho limene apatsidwa, kenaka apite ku Legal Resources Foundation, ku Zimbabwe Lawyers for Human Rights kapena ku Zimbabwe Human Rights Commission. Mabungwe amenewa nkhani ya zitupa amaidziwa bwino.

Ana anu nawo amalowa pakhomo lomweli, koma aliyense njira yake. Mtsikana anabadwa mu 2010, tsiku lija la 22 May 2013 lisanafike, bambo ake ndi nzika ya Malawi, ndipo ankakhala kuno. Gawo 43 lija limamufikira payekha, osadalira mayi ake. Mnyamata anabadwa mu 2021, ndiye gawo limenelo silimukhudza. Iye akutetezedwa ndi gawo 36, lomwe limati wobadwira m'Zimbabwe ndi nzika mwa kubadwa ngati pa nthawi yobadwayo mayi kapena bambo ake anali nzika. Mayi ake anali nzika kale mu 2021. Mukuona tsopano chifukwa chimene ndati mayiwa ayambe: mukakalembetsa mnyamatayu chitupa cha mayi ake chikadali cha ALIEN, setifiketi yake ikhoza kutuluka yomusonyeza ngati mlendo, ndipo mudzayendanso ulendo wina kukakonzetsa.

Pa mtsikanayu, vuto lalikulu ndi dzina lanu losowa pa setifiketi. Musalione ngati laling'ono. Unzika wake wa Malawi ukudzera mwa inu, chifukwa ndinu amene munabadwira ku Malawi. Mayi ake anabadwira kuno, ndiye ngakhale atakhala ndi magazi a ku Ntcheu osasakaniza, lamulo la Malawi siliwawerengera kuti ndi nzika mwa kubadwa, ndipo sangapatsire mwana unzika mwa njira ija. Wogwira ntchito ku Immigration akatenga setifiketi imene malo a bambo ali opanda kanthu, alibe pogwira. Mutha kufanana naye mwanayo nkhope ndi mayendedwe omwe, koma iye amawerenga pepala. Si kuti mayi ake analakwitsa. Lamulo la kuno lolembetsa kubadwa ndi imfa silimalola kulemba dzina la bambo pamene makolo alibe setifiketi ya ukwati, pokhapokha bamboyo atavomera yekha kuti mwana ndi wake. Mayi akapita okha, mwana amatuluka ndi dzina la kuchikazi. Kukonza kwake n'kwakuti mupite nonse awiri ku Civil Registry ndi zitupa zanu, inu mukavomere mwalamulo kuti ndinu bambo wake, mupemphe kuti kubadwa kwake kulembetsedwenso ndi dzina lanu. Chitani zimenezi asanatenge chitupa chake cha zaka 16 komanso asanalembetse mayeso a boma, kaya a ZIMSEC kuno kaya a MANEB kumudzi. Dzina likalowa pa setifiketi ya mayeso, kulisintha ndi ntchito ina yapadera.

Mnyamata ndiye wofunika changu. Lamulo limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 chibadwire, koma kuchedwa sikumuchotsera ufulu. Gawo 81 la malamulo aakulu aja limapatsa mwana aliyense wobadwira m'Zimbabwe ufulu wolandira setifiketi ya kubadwa mwamsanga, ndipo silifunsa kuti makolo ake ndi a dziko liti. Mwana wobadwira kuchipatala amapita ndi pepala la kuchipatala lotsimikiza kubadwa kwake. Wanuyu anabadwira pakhomo, ndiye m'malo mwa pepalalo pamafunika khadi lake la kusikelo ndi mboni yokhala ndi chitupa imene ikudziwa za kubadwa kwake, makamaka mzamba kapena mayi amene analipo tsikulo. Ngati mayi ameneyo ali moyo ndipo mukudziwa kumene ali, musadikire kuti asamuke kapena akalambe. Khadi la kusikelolo lisungeni mupulasitiki, ndipo mulichititse fotokope lero lomwe. Mwana wosakwana zaka 6 setifiketi yake yoyamba salipira, ndipo mafunso amakhala ochepa. Akapitirira pamenepo zofunika zimachuluka, amafunanso kalata ya kusukulu, pamene sukulu nayo ikufuna setifiketi. Ndipo ulendo uno mupite nonse awiri, dzina lanu lilowe kuyambira pachiyambi.

Musanapite kulikonse, khalani pansi madzulo amodzi, muyale mapepala onse a m'nyumba mwanu pamphasa, muwerenge maina chilembo ndi chilembo. Apa ndi pamene mabanja athu ambiri amagwera. Kalaliki wa papulazi kapena wa pamgodi ankalemba zimene khutu lake lamva: Phiri anasanduka Piri, Nkhoma anakhala Nkoma, Malunga analembedwa Marunga. Ena analembedwa ndi dzina la kuntchito, ena dzina loyamba la bambo awo linasanduka dzina la banja lonse. Masiku obadwa nawo ambiri anali ongoyerekeza. Kuno zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma setifiketi ya mwana ikanena kuti bambo ndi Piri pamene pasipoti ya bamboyo ikuti Phiri, pa malamulo amenewo ndi anthu awiri. Pokalembetsa anawa, onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa ndendende monga lilili pa pasipoti yanu ya Malawi, ndipo werengani fomuyo musanasaine. Pamene kusiyana kunalowa kale, lembetsani afidaviti, kalata yolumbirira, kwa Commissioner of Oaths (wolumbiritsa wovomerezeka ndi boma) yofotokoza kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Iye yemweyo ndi amene amadinda mafotokope kuti ndi ofanana ndi mapepala enieni. Mukhale ndi mafotokope odindidwa angapo a pepala lililonse, ndipo mapepala enieniwo musawasiye m'manja mwa munthu wina aliyense kunja kwa ofesi.

Tibwere kwa inu mwini, Bambo. Pasipoti yakale ija musaitaye, ngakhale itang'ambika chikuto. Ndi umboni woti boma la Malawi linakuvomerezanipo kale kuti ndinu nzika, ndipo imasonyeza kumene munabadwira. Koma kuchokera pamene munachoka kumudzi zinthu zinasintha. Malawi ali ndi lamulo la kalembera wa anthu la 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo mu 2017 bungwe la National Registration Bureau, lodziwika kuti NRB, linalemba anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo m'dziko lonse ndi kuwapatsa chiphaso cha unzika. Lero chiphaso chimenechi ndicho chimafunsidwa popempha pasipoti, potsegula akaunti ku banki, polembetsa nambala ya foni ndi polembetsa mavoti. Ngati mulibe, ndiye kuti m'kaundula watsopanoyu simukupezeka, ndipo ana anu alibe polumikizidwa. Yambirani ku ofesi ya kazembe wa Malawi konkuno ku Harare ndi pasipoti yakaleyo. Iwo adzakuuzani zimene zingachitikire kuno ndi zimene zikufuna kuti mupite nokha, komanso angakupatseni chikalata choyendera mwadzidzidzi chokafikira kumudzi. Chiphaso cha unzika chimafuna chithunzi ndi zidindo za zala zanu, ndiye sichingatengedwe ndi mbale. Ku Dedza, ofesi ya NRB ili kwa DC. Mudzafunika kutchula mudzi wanu, nyakwawa yanu ndi mfumu yaikulu, ndipo kalata ya amfumu pamodzi ndi abale okhala ndi ziphaso ndiwo adzakuikireni umboni. Ngati mayi anu akadali moyo, mboni yoposa iwo palibe.

Mawu amodzi pambali: ngati mapepala anu okhalira kuno ku Zimbabwe sali bwino, kaonaneni ndi loya kapena limodzi mwa mabungwe ndatchula aja musanayambe kuyenda m'maofesi ndi kudutsa pachipata. Ndipo musathamangire kulembetsa unzika wa Zimbabwe inuyo poganiza kuti zithandiza ana. Ana sakufunika zimenezo, ndipo malamulo aakulu a kuno amalola Nyumba ya Malamulo kuletsa unzika wapawiri kwa amene anaupeza polembetsa. Ufulu umene ana anu ndi mayi awo ali nawo ngati nzika mwa kubadwa, inu simungakhale nawo mofanana.

Zanu zikalongosoka, za ana zimayenda motere. Mumatenga setifiketi ya kubadwa yaitali ya mwana aliyense yokhala ndi dzina lanu, chiphaso chanu cha unzika, pasipoti yanu, chitupa cha mayi awo, zithunzi ndi chilolezo cha makolo onse awiri, n'kupempha pasipoti ya Malawi ya mwanayo kudzera ku ofesi ya kazembe kapena ku Department of Immigration and Citizenship Services kumudzi. Nthambi imeneyi ndiyo ili ndi mphamvu yonena kuti uyu ndi nzika. Akakupemphani kuti setifiketi ya kuno itsimikizidwe, amadinda ndi a unduna woona za ubale wa Zimbabwe ndi maiko ena konkuno ku Harare, ndipo ndi bwino kudinditsiratu musanakwere basi kusiyana ndi kubwerera kuchokera ku Lilongwe chifukwa cha chidindo chimodzi. Dziwani kuti setifiketi ya kubadwa ya Zimbabwe payokha si umboni wa unzika wa Malawi. Imangonena kuti mwana anabadwa liti, kuti, ndipo makolo ake ndani. Umboni wa unzika ndi pasipoti ya Malawi, ndipo mtsikanayu akakwanitsa zaka 16, chiphaso chake cha unzika cha ku NRB. Za ndalama zolipira funsani pa ofesi pomwepo chifukwa zimasinthasintha, ndipo pa khobidi lililonse mutenge lisiti. Madobadoba oima pakhomo la ofesi, olonjeza pasipoti ya mawa lomwe, apewe ndithu.

Tsono za uphungu wopita kwa mfumu kuti ikalembe kuti mwana anabadwira ku Dedza. Bambo, chonde musachite zimenezo. Ndikudziwa kuti amene akukuuzaniwo akufuna kukuthandizani, ndipo mwina akudziwa wina amene zinamuyendera. Koma taganizani chimene mungakhale mutachita. Mwana wanu ali kale ndi kaundula ku Harare wonena kuti anabadwira kuno mu 2010, ndi dzina la chipatala. Mukamulembetsa kuti anabadwira ku Dedza, mwapanga anthu awiri mwa mwana mmodzi, ndipo maiko onse awiri tsopano amasunga zidindo za zala m'makompyuta. Tsiku limene adzafune kuonetsa setifiketi yake ya Grade 7, kapena kupempha viza ya dziko lina, kapena kutenga pasipoti ya Zimbabwe, mabodzawo adzakumana. Kunama pa fomu ya boma ndi mlandu kwa inu, ndipo mukuikanso amfumu anu pa mlandu. Choipitsitsa n'chakuti ufulu wake wa ku Zimbabwe wagona pa mfundo yoti anabadwira m'Zimbabwe. Pepala lonena kuti anabadwira ku Dedza likutsutsa mfundo yomweyo. Mungamulande dziko limene ndi lake mwalamulo pofuna kumupezera mwachinyengo dziko limene ndi lake kale. Kalata ya amfumu ndi yofunika, inde, koma inene zoona: kuti inu ndinu mbadwa ya mudzi umenewo, ndipo mwanayu ndi wanu, wobadwira ku Harare. Choonadi chimenecho n'chokwanira kumupatsa unzika.

Pa za ulendo, mwana aliyense amafunika chikalata chakechake choyendera. Msewu wa basi umadzera pa Nyamapanda, kudutsa Tete m'dziko la Mozambique, n'kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza, ndiye zipata ndi zingapo ndipo paliponse adzafunsa za mwanayo. Ngati sukulu ikutsegulidwa pasipoti ya Malawi isanatuluke, mtsikanayu angayende ndi pasipoti ya Zimbabwe, poti ndi nzika, ndipo viza yolowera ku Malawi safunika. Koma akalowa chotero amadindidwa ngati mlendo wa masiku owerengeka, ndiye mukangofika yambani msanga za ku Immigration. Ngati akuyenda ndi kholo limodzi kapena wachibale, anyamule setifiketi yake ya kubadwa ndi afidaviti ya chilolezo cha kholo lotsala. Zomudutsitsa m'tinjira ta m'tchire kapena kumusungitsa kwa kondakitala wa basi musaziganizire n'komwe, makamaka mwana wamkazi wa msinkhu umenewu.

Pali chinthu china chimene simunafunse koma ndi bwino muchidziwe tsopano, ndipo ndikuchinenanso chifukwa cha anzathu ena owerenga amene nkhani yawo ikusiyana pang'ono ndi yanu. Unzika wa Malawi wotengera kwa kholo umayenda m'badwo umodzi wokha kunja kwa dziko. Ana anu autenga chifukwa inu munabadwira ku Dedza. Koma mtsikanayu akadzabereka mwana kuno ku Harare, ndipo bambo wa mwanayo si Mmalawi mwa kubadwa, mdzukulu wanuyo sadzabadwa ndi unzika wa Malawi. Akadzaberekera ku Malawi, mwanayo adzakhala nzika mwa kubadwa. Lamulo lili ndi njira yolembetsera mwana wamng'ono wa nzika kuti akhale Mmalawi, koma imeneyo ndi yochita kupempha, ndipo nduna ikhoza kuvomera kapena kukana. Ndiye kwa banja limene bambo ndi mayi onse anabadwira kuno, ndipo amene anachoka ku Nyasaland ndi agogo, khomo lotseguka ndi la Zimbabwe, kudzera m'magawo 43 ndi 36 aja. Chichewa, gule wamkulu, mpingo wa CCAP kapena mzikiti wa kwanu zimasunga mtundu, ndipo n'zamtengo wapatali, koma ku Immigration sizilowa pa fomu. Mabanja otere asawononge ndalama za basi asanakonze zitupa za kuno.

Mayi a kunyumba nawonso ali ndi nkhani yawo ku Malawi. Ngati bambo kapena mayi awo anabadwira ku Ntcheu, iwo anabadwa ali Amalawi motengera kholo, monga ana anu. Mwina lamulo lakale la zaka 22 lija linawakhudza, koma kusintha kwa 2019 kunatsegula njira yopempha kubwezeredwa unzika kwa amene anautaya chifukwa cha lamulo loletsa unzika wapawiri. Sizofunika pa mapepala a ana, ndiye zisakuchedwetseni. Koma ngati mukuganiza zodzapumira kumudzi nonse awiri, zidzafunika, pakuti malo a makolo amalembetsedwa kwa nzika za Malawi. Pa ulendo wanu wa ku Dedza, patulani masiku awiri mutsikire ku Ntcheu, ndi boma loyandikana nalo, mukafufuze mudzi wa apongozi anu, dzina la nyakwawa ndi la mfumu yaikulu, ndi abale amene akuwakumbukirabe. Mulembe zonsezo m'kabuku pamodzi ndi manambala a foni a abalewo, ndipo kabukuko kasungidwe limodzi ndi masetifiketi a ana.